Dzina la Munthu Wamoyo pa Chiliza

Tadala ndi Yamikani, ana anga, muwerenge izi mpaka kumapeto musanandiimbirenso foni. Iwe Tadala, sabata yatha unalowa m'shedi kuseri kwa nyumba kukafuna fosholo, unavundukula lona, ndipo unapeza mwala wotuwa utajambulidwa dzina langa ndi pensulo. Unabwera kukhitchini n'kundifunsa m'Chingelezi chako chija cha ku Govan, dera la kuno ku Glasgow, kuti, "Da, are ye dying?" Mwana akufunsa ngati bambo ake akufa, ine m'malo moyankha ndinakukalipira kuti usamagwiregwire zinthu za eni. Ndinalakwa. Pakamwa panga mukupadziwa, pamafika mutu usananyamuke. N'chifukwa chake ndasankha kulemba, poti pepala silindiyankha ndipo sindingakangane nalo. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndinakuuzani mpaka munatopa nazo. Apa ndikufuna mudziwe za ntchito imene inakulerani, ndi za mdala wina wa ku Italy amene anandichititsa chinthu chimene kwathu sachita.

Chaka choyamba ku Glasgow, Novembala

Nditamaliza Folomu 4 ntchito yanga yoyamba inali yolemba zikwangwani ku Limbe: mayina a magolosale, a malo ometera, mawu a kumbuyo kwa maminibasi. Dzanja ndinali nalo, koma mtima unali wapachala. Amayi anu atapeza ntchito ya unamwino kuno ndinawatsatira, ndipo tinayamba kukhala ku Sighthill m'nyumba zitalizitali zija anagwetsa. Ntchito ziwiri zoyamba ndinachotsedwa. Kosamalira okalamba ndinakhala milungu isanu, kotsuka mabasi milungu itatu, ndipo konseko mlandu unali umodzi: ndinauza kapitawo zimene ndinkaganiza za iye. Yachitatu anandipezera ndi a Gondwe, mkulu wa mpingo wathu, amene anati, "A Lameki, kumeneko mukapsa mtima muzikakalipira miyala, siikakunenezani kwa bwana." Kunali kuyadi yopanga ziliza, pafupi ndi manda akuluakulu, ndipo mwini wake ndingomutchula kuti bwana Alec. Ine ntchito yanga inali kusesa, kunyamula ndi kutsuka.

Tsiku loyamba lomwelo, ndikusesa m'shedi yakumapeto, ndinaona kuti wina wasiya chipewa ndi magolovesi pamwamba pa mwala. Chipewa chansalu chakutha, chopindika m'mphepete, ndi magolovesi a munthu wowotcherera zitsulo, chala chimodzi chitang'ambika. Ndinapsa mtima. Ine ndikusesa, wina akungotaya zovala paliponse ngati ali kwa amayi ake! Ndinachimenya ndi dzanja kuti chigwe pansi. Ana inu, ululu umene ndinamva, mpaka lero ndikaukumbukira zala zimapinda zokha. Chipewacho chinali mwala. Magolovesi, mwala. Ulusi wosokera, mwala. Ngakhale pamene nsalu inatha ndi thukuta la pachipumi, panali mwala womwewo, umodzi ndi chiliza chonse. Ndinagwada n'kuyamba kupapasa kufunafuna pamene anamatira. Panalibe.

Kumbuyo kwanga wina anaseka mpaka kutsokomola. Anali mdala wamfupi, wamapewa ngati chitseko, atavala chisoti chopinda ndi nyuzipepala, nsidze zili mbuu ndi fumbi.

"Ndiwe wachiwiri," anatero m'Chingelezi chawo chokhotakhota. "Woyamba anali mkazi wa malemuyo. Iye sanachimenye. Anachinunkhiza."

Amenewo anali a Ottavio. Chilizacho chinali cha bambo wina amene anagwira ntchito yomanga sitima zapamadzi ku Govan moyo wake wonse. Mwalawo amati giranayiti, mtundu umodzi ndi matanthwe a m'mapiri akwathu, aja amene khasu likagundapo limathetheka moto. Ine ndinkadziwa kuti mwala wotero umaphwanyidwa kuti ukhale miyala ya konkire, basi. Kuti munthu angaupinde ngati nsalu, sindikanavomera ngakhale abusa akanalumbira. Ndinawafunsa mwaukali, dzanja lili m'khwapa, kuti bwanji osaikapo chenjezo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Vulkano." Kwawo ndilo phiri lolavula moto. Dzina langa lenileni sanalitchulepo mpaka imfa yawo. Ine ndinkawaitana monga ankachitira onse, Mayesitiro, ndiko kuti mmisiri wamkulu.

Chaka chachiwiri mpaka chachisanu

Chimene chinandichotsa pa tsache ndi geti. Bwana Alec anandipatsa penti kuti ndikonze chikwangwani chimene chinali chitafufutika, ndipo ndinachilemba pamanja monga ndinkachitira ku Limbe, popanda rula. M'mawa mwake ndinapeza a Ottavio ataima pamsewu mvula ikuwagwa, manja kumbuyo, akuchiyang'ana. Anafunsa kuti walemba ndani. Ndinati ine. "S wakoyu waledzera," anatero, "koma ali moyo. Siya tsache, tiye."

Musaganize kuti tsiku lomwelo ndinayamba kusema. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkangonola matchizulo, zitsulo zosemera mwala, iwo n'kumandibwezera osanena cholakwika. Kenako anandiphunzitsa kumvetsera. Mwala ukafika, asanajambulepo kanthu, ankaugogoda ndi hamala uku ndi uku, khutu lili pafupi. Wabwino umalira ngati belu la kusukulu. Wokhala ndi mng'alu wobisika umayankha mogontha, ngati dzungu lowola mkati. Tsiku lina anakana mwala wokongola umene bwana anauitanitsa kutali, anangoulemba mzere ndi choko n'kuchokapo. Bwana anakwiya, anati audule ndi makina. Unagawanika pawiri, ndendende pa mzere wa choko.

Chilembo pa giranayiti sichikumbidwa ngati ngalande. Chimasemedwa mbali ziwiri zotsetsereka zimene zimakakumana pansi pa mzere umodzi wakuthwa, kuti mbali ina igwire kuwala, ina igwire mthunzi. "Anthu sawerenga dzenje, amawerenga mthunzi," ankatero. "Ndipo dziko lino dzuwa kulibe, ndiye mthunzi wochepawo uziusamala." Chilembo chimodzi chinkanditengera tsiku lathunthu, ndipo miyala yophunzirira imene ndinaiwononga ikanamanga khola. Tsiku lina tchizulo inaterereka n'kubenthula ngodya ya chilembo chimene ndinali nditachivutikira kuyambira m'mawa. Ndinaponya hamala, inakatulukira pawindo. Ndinaima kudikira kuchotsedwa kachitatu. Iwo anapita panja, anaitola, anaipukuta ndi apuloni, anandibwezera m'manja. "Vulkano, mwala uwu unali m'phiri agogo a agogo ako asanabadwe. Ukuganiza kuti uchita mantha ndi iweyo? Windo ukonza wekha Loweruka."

Bambo a Ottavio ndi amalume awo anachokera kumudzi wina wa m'mapiri kumpoto kwa Italy, kumene mwamuna aliyense ankakulira pa mwala. Anakayamba ntchito ku Aberdeen, kenako anatsikira kuno. Anthu a mumzinda muno akamva za Mtaliyana amaganiza za tchipisi ndi ayisikilimu, ndipo munthu akawafunsa a Ottavio kuti malo anu ogulitsirapo zimenezo ali kuti, nkhope inkafiira mpaka m'khosi. M'mawa uliwonse ankapinda chisoti chatsopano cha nyuzipepala chotchinga fumbi kutsitsi, ndipo ankasankha tsamba la andale, ati ndi ntchito yokhayo imene anthuwo angaithe. Khofi ankaphikira m'kapoto kachitsulo, wowawa ngati mankhwala a malungo, n'kumwera m'kakapu kongokwana kukamwa kamodzi. Ankaimba nyimbo zakwawo mokweza kuposa kompuresa, makina aphokoso opopa mpweya. Kutchalitchi sankapondako, ansembe ankawanena tsiku ndi tsiku, koma angelo amene anasema m'manda a Glasgow ndi ambiri kuposa amene abusa athu angawatchule mayina.

Ntchito imodzi sindidzaiiwala. Kunabwera bambo wokalamba amene mkazi wake anali atangomwalira, akufuna dzanja la mkaziyo pachiliza. Chithunzi analibe. A Ottavio anamukhazika pansi, anamugwira dzanja lamanja, n'kumufunsa kuti poyenda ankagwirana bwanji, chala chiti chinkakhala pamwamba, mphete inali yothina kapena yolobodoka. Anakhala chigwirire dzanjalo pafupifupi ola lathunthu, sanajambule kanthu. Patatha miyezi iwiri bamboyo anabweranso. Pamwala panali dzanja la mayi wachikulire, mitsempha ikuoneka, mphete itatsetsereka pang'ono, zala zitatseguka ngati zikudikira. Bamboyo anapisamo dzanja lake. Linakwana ngati kiyi m'loko. Anaima pomwepo chigwirire dzanjalo mpaka ife tinatuluka m'shedi kuti tisamuone.

Tsiku lachiwiri la Novembala ndilo anthu a ku Italy amakumbukira akufa awo. Masana yadi inkatsekedwa. Ankabwera madala atatu anzawo, onse ana a osema miyala, onse otsokomola, atanyamula maluwa, zidebe ndi maburashi, ndipo tinkazungulira manda kutsuka ziliza. Pa ziliza zimenezo palibe wosema amene anasainapo. Koma iwo ankaima patsogolo pa duwa lamwala n'kuyamba kukangana. "Ili ndi dzanja la bambo ako, taona mmene tsamba lapindikira kumanzere." "Bodza! Bambo anga sankasiya munga wonenepa chonchi. Awa ndi amalume ako, Lolemba m'mawa, mowa usanawachoke." Ine pambuyo pawo ndi chidebe. Anthu anafa kalekale, koma manja awo ankadziwika monga umadziwira mawu a m'bale wako ali kuseri kwa mpanda.

Chaka chachisanu ndi chitatu

Zinthu zinayamba kusowa. Migodi yambiri ya giranayiti ya kuno inali itatsekedwa kale, ndipo mwala wotuwa umene a Ottavio ankaukonda tinkachita kuusaka kwa ogwetsa nyumba zakale. Miyala inayamba kubwera pa sitima kuchokera ku India ndi ku China, itadulidwa kale, itapukutidwa kale, yakuda, yonyezimira ngati galimoto ya maliro. Wosula amene ankatikonzera matchizulo anamwalira, ndipo palibe analowa m'malo mwake. Bwana Alec sanali munthu woipa, anali ndi mabanja oti adye kudzera m'yadi imeneyo. Anagula makina opopera mchenga n'kulemba ntchito Tam, bambo wa ku Govan amene kale ankapenta sitima. Kompyuta imadula zilembo pa pepala la labala, labalayo amamumata pamwala, ndipo mchenga umadya pamene pali poyera. Dzina lonse limatha khofi asanazizire. A Ottavio anapita kushedi ya Tam kukaona kamodzi kokha. Anapisa chala m'chilembo n'kunena kuti, "Pansi pake m'pozungulira ngati bafa. Mvula ikagwa dzinali lithawa." Sanalowemonso. Ife awiri tinatsala m'shedi yakumapeto, kulembera mabanja ochepa amene ankafunabe ntchito ya manja.

Chaka cha khumi ndi chimodzi, Malichi

Nthawi imeneyi manja awo anali atayamba kunjenjemera, maso akuchita chifunga. Adokotala anawauza kuti diso lamanzere lapita, ndipo lamanja silifika Khirisimasi likuona zilembo. Lachisanu lina masana anandiitanira kuseri kwa shedi n'kuchotsa lona pa mwala umene ndinkaudutsa zaka zonsezi osaudziwa. Giranayiti wotuwa wakale, wofika m'chiuno mwanga. Pamwamba pake anali atasemapo hamala ndi tchizulo zitagonekedwa ngati mwini wake wangopita kukamwa khofi, ndipo pambali pake chisoti cha nyuzipepala. Chamwala, ana inu, chopyapyala m'mphepete moti ndinaopa kupumirapo. Anakhala akuusema Loweruka masana kwa zaka zisanu ndi zinayi. Kunsi kwake kunali kosalala, ndipo anali atajambulapo ndi pensulo dzina lawo lonse ndi chaka chimene anabadwa.

"Lolemba uyambe," anatero.

"Ndiyambe chiyani?"

"Sudziwa kuwerenga? Dzina."

"Mayesitiro, inu muli moyo."

"Ndiye ndikupatse ntchito nditafa? Ndidzaiona bwanji?"

Anandifotokozera modekha. Kumudzi kwawo fumbi la mwala linkapha amuna asanamere imvi, ndipo wosema aliyense ankadziwa nthawi yake ikamayandikira, chifukwa masitepe ankayamba kutalika. Choncho ankadzisemera yekha chiliza, koma dzina sankadzilembera. Dzina ankalemba munthu amene iye anamuphunzitsa, mwini wake atakhala pampando akuyang'ana. Akavomera, wophunzirayo wasanduka mmisiri. Akakana, amasalaza nkhope yonse ya mwala n'kuyambiranso. "Ine ndinalemba la bambo anga atakhala apo, atafunda bulangete. Anandibweza kawiri. Mwana wanga amazula anthu mano ku Edinburgh, tchizulo sadziwa kuti amagwira mbali iti. Ndatsala ndi iwe basi, tsoka langa."

Ndinaphulika. Ndinawauza kuti kwathu chiliza timamanga munthu atagona kale m'manda, ndipo wolemba dzina la wamoyo pa chiliza amatchedwa dzina limodzi lokha, mfiti. Ndinati zaka khumi ndakupirirani, khofi wanu woipayo ndamwa, koma kukuitanirani imfa muli maso sindichita. Ndinakankha chidebe, madzi anawanyowetsa nsapato, ndipo ndinatuluka pageti osavula n'komwe ovolosi.

Kunyumba amayi anu anagwirizana nane, chinthu chosachitikachitika. Anali atangoweruka kuchipatala, akuvula nsapato pakhomo. "Bambo a Tadala, mdalayo akutsokomola kale. Mulembe lero, mawa agwe, ana awo adzati chiyani? Nanga kumudzi akamva kuti mkamwini amalembera amoyo ziliza, ine nkhope ndidzaiika kuti?" Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinakokera pambali a Gondwe. Anakanda mutu nthawi yaitali. "M'Baibulo lamulo loletsa sindikuliona," anatero, "ena ankadzikonzeratu manda ali moyo. Koma achimwene, kunena zoona, ine dzanja langa silingalole."

Milungu iwiri sindinapite kuntchito. Ndinkakhala pawindo kumakangana ndi munthu amene panalibe. Mantha anga anali enieni, musandiseke: ndinkaona ngati chilembo chilichonse chidzakhala chikuwadula mpweya. Koma panalinso china chimene chinkandiluma. Diso lija linali kutha tsiku ndi tsiku, ine ndili pawindo. Potsiriza ndinaimbira bwana Alec kuti Lolemba ndibwera kudzatenga zinthu zanga, ntchito ndasiya.

Ndikulowa pageti Lolembalo, ndinaona mwala uja auika pangolo pakhomo pa shedi ya Tam. Pankhope pake anali atamatapo labala wabuluu, dzina la a Ottavio litadulidwa kale ndi kompyuta. Tam anali atavala chigoba chake chakumutu, payipi ili m'manja. A Ottavio anakhala pabokosi akumwa khofi, osandiyang'ana.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Mdala akuti timalize lero," Tam anayankha. "Akuti wamanja uja anathawa."

"Mayesitiro, dzina lanu? Ndi mchenga? Pansi pa chisoti chimenechi?"

"Nanga nditani?" anatero, maso ali m'kapu. "Makina saopa ufiti."

Sindikumbuka kuti ndinadumpha bwanji. Ndimangokumbuka labala ali m'manja mwanga zidutswazidutswa, ndikukalipira Tam kuti akayandikira ndi payipi yakeyo ndimumezetsa, ndikukalipira mdalayo kuti alibe manyazi, munthu amene anandithyola msana zaka khumi chifukwa cha mthunzi lero akufuna kukagona pansi pa zilembo za bafa. Ndinakankha ngolo ndekha mpaka kushedi yathu. Nditaima kuti ndipume, tchizulo inali kale m'dzanja langa, ndipo a Ottavio anali akukoka mpando.

Patapita miyezi Tam anandiululira kuti mchenga wa makinawo unali utatha kuyambira Lachinayi, ndipo lole yobweretsa wina inali isanafike. Payipi ija inalibe kanthu. Mdala uja anandichita zomwe ankachita ndi miyala: anadziwa pogogoda.

Chaka chomwecho, Epulo

Zilembo zinali khumi ndi zisanu, manambala anayi. Dzina la banja lawo sindilemba pano, ana awo alipo. Anafuna kuti ndiyambe ndi chaka, kenako dzina la banja, ndimalizire ndi lawolawo, ndipo zonse ndi hamala yamanja, yoyendera kompuresa ayi. Zinanditengera masiku khumi ndi awiri. Iwo ali pampando kumbuyo kwanga, bulangete pamiyendo, chete. Zaka zonsezo sindinawaonepo atatseka pakamwa chotero. Akatsokomola dzanja langa linkaima, n'kutembenuka. "Ndikadalipo," ankatero. "Gogoda." M'mawa uliwonse ndisanagwire chitsulo ndinkapemphera chamumtima kuti Ambuye, ili ndi dzina chabe, mwini wake musiyeni. Amayi anu anasiya kundifunsa za kuntchito, koma foni ikalira m'nyumba tonse awiri tinkayang'anana.

Tsiku lomaliza anaitana madala atatu aja, bwana Alec, ndi Tam yemwe. Tinatulutsa mwala panja. Kunali mitambo, kuwala kwa Glasgow kuja kosadziwika kumene kukuchokera. A Ottavio anati, "Madzi." Ndinakhuthula chidebe chonse. Giranayiti akanyowa amada, ndipo zilembo zosasemedwa bwino zimamira. Mwala unada, dzina linatuluka. Linaimirira lakuthwa ngati lalembedwa ndi inki, lowerengeka kuchokera pageti. Mmodzi wa madala aja anavula chipewa.

Iwo anadzuka, anayandikitsa diso lawo limodzi lija mpaka mphuno kugunda mwala. Kenako anatsinzina n'kuyamba kuyendetsa chala m'chilembo chilichonse, pang'onopang'ono. Pa manambala anati, "Apa unali wokwiya. Wakumba ngati ukufuna madzi." Pa dzina la banja anati, "Apa unkaopa. Tamva, chitsulo chikuima n'kuyamba, chikuima n'kuyamba. Apa ndi pamene ndinatsokomola Lachitatu." Zinali zoona! Ndinayang'ana chilembocho, maso anga awiri abwinobwino sanaone kanthu. Ndinadziwa kuti andibweza. Anafika pa dzina lawo, O, T woyamba, T wachiwiri, mpaka pa O womaliza. Chala chinazungulira kamodzi, kawiri, katatu.

"Apa," anatero, "unandiiwala."

Ndinayamba kudzikanira, mawu akukwera kale. Anakweza dzanja.

"Khala chete kamodzi m'moyo wako, Vulkano. Apa sunkaganiza za ine, kapena za mfiti zako, kapena za iwe mwini. Panali mwala ndi chitsulo basi. Chilembo chimodzi pa zonsezi. Ine kwa bambo anga ulendo woyamba ndinalibe ngakhale chimodzi."

Anapisa m'thumba la apuloni n'kutulutsa hamala yawo, imene palibe ankaloledwa kuikhudza. Mutu wake wachitsulo unali utakumbika pakati ngati supuni, chifukwa cha kugogoda kwa agogo awo, bambo awo, ndi iwowo. Anaiika m'dzanja langa n'kupinda zala zanga ndi manja awo onjenjemera aja. Ine amene sindinagwetse msozi pa maliro a bambo anga, ndinalira pamaso pa Tam.

Zaka zisanu ndi chimodzi pambuyo pake

Sanafe mawa lake. Sanafe chaka chimenecho. Diso linathadi Khirisimasi isanafike, koma anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, akubwera kuyadi pa basi ndi ndodo Lachisanu lililonse kudzapapasa dzina lawo ndi kudandaula za manambala aja. Amayi anu mpaka anayamba kuwatumizira mandasi. Atamwalira tinakaimika mwala pamanda, ndipo ndinapita ndekha kukalemba manambala anayi otsalawo, nditagwada pathumba m'matope, mvula ikulowa m'khosi. Kumbuyo kwanga kunalibe mpando. Palibe anati gogoda. Tsiku limenelo ndi pamene mwambo wawo unandilowa. Manambala amenewo ndi abwino kuposa chilichonse chimene ndinasemapo, ndipo munthu yekhayo amene akanawawerenga ndi chala anali pansi pa maondo anga.

Chaka chino

Mukudziwa kuti ndapuma ntchito msanga chifukwa cha mapapo. Masiki yotchinga fumbi ndinkavala, koma zaka zoyamba ndinkaivula ndikakwiya, ati ikundibanikitsa, ndipo ndinkakwiya kawirikawiri. Adokotala akuti ndikadzisamala zaka zikadalipo zambiri. Ndiye yankho la funso lako, Tadala, ndi ayi, osati tsopano. Koma masitepe a pasiteshoni ayamba kutalika.

Moira mukumudziwa, mayi wa ku Easterhouse uja amene anabwera kuyadi kudzafuna chiliza cha mwamuna wake, n'kukana kuchoka mpaka nditamuphunzitsa. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Amayankha mwamwano kuposa ine, ndipo mawindo waswa awiri. Kusema dzina langa pamwala uja unaupeza m'shedi, Tadala, kudzakhala ntchito yake. Pamwamba pake ndasemapo burashi yolembera zikwangwani, ya ku Limbe, itapindika tsitsi monga inkakhalira pakutha pa tsiku. Amayi anu ndakangana nawo miyezi itatu. Dzulo anati, "Chitani, koma agogo awo kumudzi asamve," ndipo anapita kukatulutsa bulangete.

Moira ayamba Loweruka, naini koloko. Iwe Yamikani ubwereke vani yopitira nawo kuyadi, mwalawo ndi wolemera ndipo ine anandiletsa kunyamula. Iwe Tadala, ukafuna kulira lira, koma uime kumbuyo kwa mpando wanga, usatchinge kuwala. Tsiku lomaliza madzi udzathira ndiwe. Moira ndamuuza kuti amalizire ndi I wa kumapeto kwa Lameki, mzere umodzi woongoka, wopanda pobisala. Ndikufuna ndipisemo chala changa chikadali chofunda, ndimve ngati wandiiwala.